Musanagule chingwe china, yambani mwaimvetsa TV ya pabalaza

Adzukulu anga a muno mu Nkwazi, ndi inu a ku Chifubu ndi ku Pamodzi amene mumabwera kudzawerenga ndi anzanu kuno, khalani pansi ndikuuzeni za chinthu chimene chikukutherani ndalama ndi maso pachabe. Ambiri a inu muli ndi laputopu yogula kwa munthu, ina ya sikirini yaing'ono, ina yong'aluka pakona. Ndiye mumatenga chingwe cha HDMI n'kulumikiza ku TV ya pabalaza kuti mulembe ntchito ya kusukulu, kaya ndi ya ku NORTEC, ku Northrise kapena ku Copperbelt University ku Kitwe. Nzeru imeneyi sindikuitsutsa, munthu amagwiritsa ntchito chimene ali nacho. Koma mukatsegula Word zilembo zimangooneka mbuu, m'mbali mwake muli timizere toyera, ndipo ola lisanathe mutu wayamba kale kuwawa. Kenako mumathamangira ku msika wa Masala kukagula chingwe chodula, chija cha mitu yooneka ngati golide. Bwezerani ndalamazo m'thumba. Chingwe cha HDMI chikakhala chowonongeka, chithunzi chimadukaduka, chimathetheka timadontho toyera kapena kuzimiratu. Sichichititsa zilembo kuoneka mbuu. Vuto lili m'kati mwa TV, ndipo nthawi zambiri mankhwala ake ndi rimoti yomwe ili pa tebulo pomwepo.

TV sanaipangire kuti munthu aziwerengerapo. Anaipangira nkhope za anthu, mpira ndi mafilimu, zoonera munthu atakhala pa mpando mamita 2 kapena 3 kuchokera pa sikirini. Wailesi yakanema m'dziko muno inayambira kuno ku Migodi, ku Kitwe, mu 1961, ndipo kwa zaka zambiri ma TV athu anali aja a chimimba kumbuyo, a chubu, olandira chithunzi cha mizere 625. Chithunzi cha chubu sichinkakhazikika bwino. Chinkafutukuka kapena kunyala pang'ono malinga ndi kutentha kwa TV ndi mphamvu ya magetsi, ndipo m'mphepete mwake munkakhala zosaoneka bwino. Opanga anaona kuti njira yapafupi ndi kuchikulitsa pang'ono kuti m'mphepetemo mubisike kuseri kwa felemu. Amachitcha overscan. Ma TV a chubu anapita, lero tili ndi madikoda a TopStar, GOtv ndi DStv, koma chizolowezi chokulitsa chithunzicho chinatsalira m'ma TV ambiri opyapyalawa. Pa mpira simungazindikire kuti adula kanthu. Pa kompyuta mumaona batani la Start litadulidwa theka, wotchi ya pakona itasowa, ndipo chilembo chilichonse chakokedwa kuchoka pamalo pake. Lowani mu Picture kapena Aspect Ratio pa rimoti. Pa LG sankhani Just Scan, pa Samsung Screen Fit kapena Fit to Screen, pa Sony Full Pixel. Ma TV ena amangolemba Overscan, n'kukupatsani On ndi Off (sankhani Off), ena amalemba Dot by Dot kapena 1:1. Zonsezi n'chinthu chimodzi. Mukapeza Zoom kapena Wide zili zoyatsa, zichotseni.

Tsopano mvetserani bwino apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Sikirini yopyapyala ili ndi timadontho towerengeka, tokhazikika, tosasuntha, tomwe amatitcha ma pixel. TV yolembedwa Full HD ili ndi timadontho 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika. Koma ma TV ambiri a mainchesi 32 omwe ali m'nyumba zathu muno ndi aja olembedwa HD Ready, ndipo ali ndi 1366 chopingasa ndi 768 chotsika basi. Chosokoneza n'chakuti TV ya HD Ready imavomera chithunzi cha 1920 ndi 1080, mwina imauzanso kompyuta kuti imeneyo ndiyo saizi yabwino, Windows n'kulemba kuti Recommended. Ikachilandira imachifinya kuti chikwane. Zili ngati munthu amene wakumba mapando 1366 pamzere koma wapatsidwa mbewu 1920 kuti iliyonse ikhale ndi phando lake: zina zithithikana, zina zitayika, mzere sungaoneke bwino. Nkhope ya munthu ikafinyidwa chotero imaonekabe nkhope, koma mwendo wa chilembo ndi wopyapyala, mwina kadontho kamodzi kapena tiwiri, ndiye ukagwera pakati pa timadontho umangosanduka utsi.

Choncho tembenuzani TV muwerenge nambala ya modelo pa kapepala kakumbuyo, muifufuze pa intaneti ya pafoni kuti mudziwe timadontho take tenitenito. Musakhulupirire katoni, chifukwa makatoni ena amalemba 1080p pofuna kunena zimene TV imalandira, osati zimene imaonetsa. Mukadziwa, dinani batani lakumanja la mausi pa desikitopu, lowani mu Display settings, mupeze Display resolution n'kuikapo nambala yomweyo. Ngati 1366 x 768 palibe, tengani 1360 x 768. Mukaona nambala yothera ndi chilembo cha i, monga 1080i, ilambalaleni, imanjenjemeretsa zilembo.

Pali msampha wina umene umagwira ambiri. Mukalumikiza laputopu, Windows imakonda kuonetsa chithunzi chofanana pa laputopu ndi pa TV. Ikatero imasankha saizi imodzi yoti zonse ziwiri zikwanitse, ndipo ngati laputopu ndi ya 1366 pamene TV ndi ya Full HD, TV imalandira chithunzi chaching'ono n'kuchitambasula. Dinani batani la Windows pamodzi ndi P, musankhe Extend kapena Second screen only, kenako mubwererenso kukaika saizi ya TV payokha. Kusintha kumeneku kokha kumachiritsa ma TV ambiri.

Chotsatira ndi mitundu. Diso la munthu limaona kuwala ndi mdima mwatsatanetsatane kuposa momwe limaonera mtundu, ndipo akatswiri a kanema anapezerapo mwayi wochepetsa katundu: amasunga kuwala kwa kadontho kalikonse, koma mtundu amagawira timadontho tiwiri kapena tinayi. Mukaona manambala 4:2:2 kapena 4:2:0, akunena zimenezi. Pa filimu palibe amene amadandaula. Zilembo zimafuna 4:4:4, kutanthauza kuti kadontho kalikonse kakhale ndi mtundu wakewake. Ma TV ambiri amatha kutero, koma pokhapokha mutawauza kuti chimene mwalumikizacho ndi kompyuta. Pa Samsung ndi LG, pitani pamndandanda wa Source kapena Input, musinthe dzina kapena chizindikiro cha HDMI imene mwalumikizayo chikhale PC. Zimaoneka ngati zachibwana kuti dzina lokha lingasinthe chithunzi, koma TV ikaona PC imasiya kuchikometsera. Pa ma TV ena sankhani PC, Graphics kapena Game mu Picture Mode. Yang'ananinso kumbuyo, chifukwa ma TV ena akaleko ali ndi bowo limodzi lolembedwa HDMI/DVI kapena PC, ndipo ndi lomwelo lokha limene limachita zimenezi. Pofuna kuyesa, lembani mawu ang'onoang'ono ofiira pa pepala la buluu mu Word kapena Paint. Akawerengeka bwinobwino, mwapambana. Akamaoneka osungunuka, mtundu ukugawidwabe.

Kunena za Sharpness, ine ndimaona kuti batani limeneli ndi limene lanamiza anthu ambiri. Munthu akaona zilembo zili mbuu amalikweza mpaka kumapeto, poganiza kuti akuzinola. Chimene limachita n'kujambula kamzere koyera m'mbali mwa chinthu chilichonse chakuda, ndiye zilembo zimatuluka ndi mthunzi woyera umene umalasa m'maso. Litsitseni pang'onopang'ono mukuyang'ana chilembo chimodzi, muime pamene kamzere koyerako kazimirira. Musangothamangira pa 0, chifukwa pa ma TV ena malo abwino ali pakati, ndipo mukapitirira kutsitsa amayamba kufafaniza dala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukatha apo zimitsani Noise Reduction, Dynamic Contrast ndi zonse zokhala ndi mawu akuti Motion, ndipo chokani mu Vivid kapena Dynamic. Zimenezo anaziikira m'sitolo, kuti TV iwale kuposa inzake pa shelefu.

Amene muli ndi kompyuta yakale ya chingwe cha VGA, chija cha mutu wabuluu wokhala ndi timapini 15, nkhani yanu ndi yosiyana pang'ono. VGA si ya dijito, ndiye apa chingwe chachitali kapena chopyapyala kwambiri chimabweretsadi mithunzi. Ikani saizi yoyenera, tsegulani tsamba lodzaza ndi zilembo, kenako mupeze Auto Adjust pa TV. Zikapanda kukhala bwino, sunthani Phase pang'ono. Koma timabokosi tija tosintha HDMI kukhala chingwe chachikasu cha AV, musatayirepo ndalama. Chingwe chachikasu chimanyamula chithunzi cha mtundu wa TV ya chubu, ndipo palibe batani limene lingakonze zilembo zodutsa mmenemo. Amene muli ndi TV ya 4K ndinu ochepa, koma dziwani kuti laputopu yakale ya HDMI 1.4 imatumiza 4K yathunthu maulendo 30 okha pa sekondi, mausi n'kumayenda modukiza. Imafunika HDMI 2.0, komanso kuyatsa Enhanced Format, Input Signal Plus kapena Deep Colour pa TV.

Mukamaliza pa TV, bwererani ku kompyuta. Lembani ClearType pamalo ofufuzira mu Windows, mutsegule Adjust ClearType text. Idzakuonetsani timabokosi ta mawu, inu muzisankha kamene kakuoneka bwino m'maso mwanu. Chifukwa chake n'chakuti kadontho kalikonse kali ndi tizigawo titatu, kofiira, kobiriwira ndi kabuluu, ndipo Windows imayembekezera kuti tandandalikidwa mwanjira imeneyo. Ma TV ena anatitembenuza, kabuluu n'kukhala koyamba, ndiye zilembo zakuda zimatuluka ndi m'mbali mwa mitundu. Zilembo zikachepa, musatsitse resolution. Kwezani Scale ifike 125% kapena 150%, kapena dinani Ctrl pamodzi ndi chizindikiro chophatikiza mukamawerenga pa intaneti.

Sindingakunamizeni kuti zonsezi zidzasandutsa TV iliyonse kukhala monita. Masamu ake ndi osavuta. Laputopu ya mainchesi 15.6 ya 1366 ndi 768 ili ndi timadontho pafupifupi 100 pa inchi iliyonse. Monita ya mainchesi 24 ya Full HD ili ndi 92. TV ya mainchesi 32 ya Full HD ili ndi 69, pamene ya HD Ready ya saizi yomweyo ili ndi 49 okha. Ndiye kuti TV yaikulu ya HD Ready imeneyi sikuonetsani zambiri kuposa laputopu ija, imangokulitsa timadontho tomwe tija kawiri. Mukaiyandikira ngati monita mudzayamba kuwerenga timadontho m'malo mwa mawu. Sunthirani mpando kumbuyo, mita imodzi ndi theka kapena kuposerapo, mugule kiyibodi ndi mausi ya chingwe chachitali kapena yopanda chingwe. Ndalama ya chingwe chagolide ija ipite kumeneko. Ndipo ngati TV anaipachika m'mwamba pakhoma, musamalembe maola ambiri mutagadamitsa khosi, kuli bwino kubwerera pa laputopu.

Kumbukiraninso kuti TV imeneyo si yanu nokha. Agogo anu amafuna nkhani za pa ZNBC nthawi ya 19 koloko, atate anu amafuna kuona ZESCO United kapena Forest Rangers, ang'ono anu akudikira makatuni. Musanakhudze batani lililonse, jambulani ndi foni momwe zinalili, tsamba ndi tsamba. Ma TV ambiri amasunga makonzedwe a bowo lililonse la HDMI payekhapayekha, choncho siyani dikoda pa HDMI 1, kompyuta muipatse bowo lina, ndipo mukaona mawu akuti Apply to all sources kapena All inputs, musawadine. Mukatero palibe amene adzakufunsani kuti mpira wafuwiranji. Pemphani chilolezo musanazule chingwe cha akulu, ndipo mukamaliza bwezerani TV pa dikoda, osasiya amayi anu akulimbana ndi rimoti pa sikirini yolembedwa No Signal.

Za magetsi mukuzidziwa, munaona momwe malaiti ankathimira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba. Mabowo a HDMI sachedwa kupsa magetsi akabwera mwamphamvu kapena kukachita mphezi nthawi ya dzinja. Lumikizani chingwe TV ili yozimitsa, ikani TV guard pa soketi, ndipo kunja kukayamba kugunda zulani zonse. Tsitsaninso Backlight, makamaka usiku. Tsamba loyera la Word pa TV yowala kwambiri limatopetsa maso, komanso limatha batire msanga kwa inu amene mukugwiritsa ntchito sola. Musawerenge mumdima wa ndiweyani, yatsani kababu kamodzi m'chipindamo. Pakatha mphindi 20 zilizonse, yang'anani kunja pawindo, chinthu chomwe chili pa mtunda wa mamita 6 kapena kuposa, kwa masekondi 20.

Mukachita zonsezi koma zilembo zikuonekabe mbuu, itanani mnzanu ayang'ane. Ngati iye akuwerenga bwino pamene inu mukutsinzinira, ndipo zikwangwani za pa minibasi nazonso mumaziona mochedwa, vuto si TV. Pitani ku kiliniki akulembereni kalata yokapimitsa maso ku Ndola Teaching Hospital. Ndipo tsiku limene mudzapeze kandalama, monita ya mainchesi 22 kapena 24 ya Full HD, ngakhale yogwirapo kale ntchito mu ofesi, idzakutumikirani bwino pa zolembalemba kuposa TV yaikulu yatsopano. Popita kukagula nyamulani laputopu yanu ndi chingwe chanu, mulumikize wogulitsa akuona, mutsegule tsamba loyera, lakuda, ndi lija la mawu ofiira pa buluu. Wogulitsa akakana kuti muyese, pitani pa sitolo ina.