Kodi wapambana ndi mwini chala kapena kachipu?

Kuno ku Dwambazi nkhani ya zida sitiyiyamba lero. Tinakangana pamene injini zinayamba kulowa m'malo mwa nkhafi, tikukanganabe za neti ya udzudzu imene ena amakokera tiana ta nsomba. Tsono mkangano watsopano watulukira kumene sindinkayembekeza: m'tinyumba ta magemu, momwe anyamata amamenyanitsa zimphona za pa kanema mu Tekken, Mortal Kombat ndi Street Fighter.

Nkhani yake ili motere. Mapadi a m'tinyumbati ndi otopa, mabatani anachita kulowa m'kati ngati maso a munthu wa malungo. Mnyamata wina wokonza mafoni anatopa nazo, nakhoma kabokosi ka thabwa, n'kuboola mabowo, n'kuikamo mabatani akuluakulu. Mawaya onse anawalumikiza ku kachipangizo kotalika ngati chala, kotchedwa Raspberry Pi Pico, komwe kanatuluka mu 2021. Kachipuka ndiye ubongo wa bokosilo: kamamva batani lomwe ladinidwa n'kuuza makina a gemu. Pulogalamu yake, GP2040-CE, imapezeka ulele pa intaneti. Ndodo yowongolera palibe. Kumanzere, kumanja, m'mwamba ndi pansi, paliponse pali batani lakelake.

Anzake akuti akubera. Iye akuti, "Ndabera chiyani? Si zala zanga zomwe zikudinazi?"

Musaseke, owerenga, poganiza kuti izi n'zachibwana. Funso lomweli linavutitsa akatswiri a kunja. Ndodo singapite kumanzere ndi kumanja nthawi imodzi, koma mabatani awiri mutha kuwadina pamodzi, ndipo kachipu ndi kamene kamagamula kuti gemu imve chiyani. Magemuwa amasintha chithunzi ka 60 pa sekondi, choncho kanthawi kochepetsetsa komwe ndodo imataya podutsa pakati n'kokwanira kupha kapena kupulumutsa munthu. Mu 2019 kampani ya Capcom inakaniza bokosi lina lotere lomwe katswiri wa ku Japan, Daigo Umehara, ankafuna kukaseweretsa pa mpikisano wa Combo Breaker ku America. Mu 2023 inalamula kuti m'mipikisano yake, wodina m'mwamba ndi pansi pamodzi asapeze kanthu, chimphona chake chingoima. Onani kuti mabokosiwo sanathamangitsidwe. Anangowamanga chingwe.

Ine ndili kumbali ya mnyamatayu, koma mpaka pa malire ena. Kusuntha mabatani kuti agwirizane ndi dzanja lako sikusiyana ndi kusema nkhafi yolingana ndi msinkhu wako. Kunali Mike Begum wa ku America, wodziwika kuti BrolyLegs, yemwe anamwalira mu 2024. Manja ake sankagwira bwino ntchito, ndipo ankasewera Street Fighter pokankha padi ndi tsaya ndi lilime, n'kumagonjetsa anthu a zala khumi. Amene amati pali kagwiridwe kamodzi kokha kovomerezeka ayambe wafotokoza za munthu ameneyu. Ndiponso tinene zoona: kodi chilungamo chili pati pamene mwana wa bwana ku Lilongwe ali ndi padi yatsopano, wa kuno akulimbana ndi yomanga ndi mphira? Wakhoma yekha chida chake wangodzichotsera umphawi pang'ono, ndipo ndimamuvulira chipewa.

Malire aja ndi awa. Kachipu komweko mutha kukaphunzitsa kuti batani limodzi lichite ntchito ya madinidwe asanu kapena khumi, motsatizana bwinobwino, mosaphonya ngakhale kamodzi. Akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma apa chala chimodzi chikugwetsa chimphona. Pamenepa ndiye ndikukana.

Wina anena kuti, nanga injini ija bwanji? Inde, injini pa boti ndi dalitso, chifukwa msodzi safuna kutopa, amafuna usipa. Akaupeza msanga ana adya msanga. Koma masewera ali ndi khalidwe lachilendo: timadziikira dala zovuta. Pa mpikisano wopalasa bwato, womangirira injini wafika msanga, eya, koma sanapalase. Mu gemu yomenyana, kuphonya ndi gawo la masewerawo. Mtima ukamagunda, anzako akukuwa kumbuyoku, moyo wa chimphona chako watsala kadontho, zala zimanjenjemera. Mnzako amawerengera zimenezo. Amakupanikiza dala kuti uphonye. Ukachotsa kuphonyako mobisa, iye akulimbana ndi munthu amene kulibe. Wataya ndalama yake ya gemu, komanso wanamizidwa za iye mwini, poti apita kwawo akudziyesa mbuli pomwe anasewera bwino.

Mawu oti "mobisa" ndawanena dala. Street Fighter 6, yomwe inatuluka mu 2023, ili ndi njira yotchedwa Modern imene imalola batani limodzi kutulutsa nkhonya zovuta. Koma aliyense amaona pa kanema kuti mwasankha njira imeneyo, aliyense atha kuisankha, ndipo nkhonya yotuluka mwachidule chotere amaichepetsa mphamvu. Kufewetsa pakokha si tchimo ayi. Chimene chimaipa ndi kufewetsa kwa munthu mmodzi, m'kati mwa bokosi lokhomedwa ndi misomali.

Chovuta n'chakuti kuno kulibe Capcom woti atsegule bokosi n'kuona. Mwini kanyumba amadziwa kuwerenga makobidi, osati mapulogalamu. Anyamata ena akuti bokosilo liletsedwe basi, koma ine ndikuona kuti kuteroko n'kulanga luso chifukwa choopa chinyengo chomwe sichinaoneke. Ndikadakhala mwini kanyumba ndikadati bokosi lilowe, koma wina aliyense akhale ndi ufulu wolidina asanayambe, ndipo akafuna, osewera asinthane zida pakatha chigawo choyamba. Mnyamatayo akuti alibe nazo vuto, bola amene athyole batani alipire.