Mwana adye kaye, ulendo ndi wautali

Amayi anzanga mwa Ambuye, tiwerenge 1 Mafumu 19:1-8.

Ife a kwa Nthache maulendo timawadziwa. Ambiri amapita ku Joni pa basi, kudzera pa chipata cha Mwanza ndi ku Tete. Ena amakakwera ndege ku Chileka, mwana ali kumbuyo. Amanyamuka kusanache, n'kufika pa bwalo la ndege mwana asanalawe kanthu. Akakhala mu lesitilanti amapeza kuti tiyi ndi wokwera mtengo, ndipo mtima wonse uli pa pasipoti ndi tikiti. Mwana akangotayira tiyi uja pa tebulo, pomwepo walandira mbama, chifukwa mayi akuchita manyazi ndi anthu ovala masuti omwe sadzawaonanso.

Taonani Eliya. Atathawa Yezebeli, anagona pansi pa kamtengo m'chipululu, napempha kuti afe. Mulungu sanayambe ndi kumudzudzula. Anatuma mngelo ndi mkate wootcha ndi mtsuko wa madzi. Eliya anadya, nagonanso. Mngeloyo sanatope naye. Anabweranso kachiwiri, namudyetsa. Chakudya chimenecho chinamuyendetsa masiku 40 mpaka ku Horebu, ndipo kumeneko ndi kumene Mulungu anamufunsa mafunso.

Ngati mneneri wamkulu anafooka chotere, nanga mwana wa zaka zitatu?

Choncho mayi, fikani msanga. Mupatseni mpando wake, mumuuzirire tiyiyo, mumunyemere sikono, mupemphere naye ngakhale anthu akuyang'ana. Ndalama zikachepa, musendereni nachesi la kwathu konkuno, adye asanaitane za ndege.