Kodi Kukongola Kumpatsa Munthu Mwai?

Atsikana ambiri ayesa kuti nkhope yokongola ndiyo njira ya cuma. Zoonadi kukongola kutsegula khomo, koma wolowayo adzakhalamo masiku angati?

M'mzinda wa Paris munali akazi awiri amene mbiri yao inamveka kutali cifukwa ca kubvina atabvula zobvala pamaso pa anthu olipira ndalama. Woyamba, Mata Hari wa ku Holland, anayamba nchitoyo mu 1905. Atakula msinkhu, anthu anatembenukira kwa obvina acitsikana, ndipo iye anatsamira pa mphatso za akulu a asilikali. Mu 1917 Afalansa anamweruza kuti ndi kazitape, namuombera mfuti ali ndi zaka 41.

Waciwiri, Josephine Baker wa ku America, anafika mu 1925. Iye anapata cuma cambiri, koma mu 1968 nyumba yace inagulitsidwa cifukwa ca ngongole. Komatu pa nkhondo yaciwiri anaika moyo wace paciswe ponyamula mauthenga acinsinsi a omenyera ufulu wa France, ndipo pambuyo pace analera ana 12 a mitundu yosiyana. Mu 2021 dzikolo linaika dzina lace pakati pa ngwazi zace.

Mwai wa kukongola uli m'manja mwa woyang'ana. Iye akatopa, mwaiwo watha. Ngakhale Estere, kukongola kunamlowetsa m'nyumba ya mfumu, koma Ayuda anapulumuka ndi kulimba mtima kwace. Cotero makolo asanyadire nkhope ya mwana wamkazi yokha, koma ampatse maphunziro, nchito ya manja ndi kuopa Mulungu, pakuti izi sizitha ndi ukalamba.