Dzungu Lobalira kwa Mnansi N'la Yani?

Dzungu silidziwa malire. Timabzala nthanga kuseri kwa nyumba mvula ikagwa. Pakapita masabata ocepa, nsonga yake yayanga, yadutsa kunsi kwa mpanda, yalowa pabwalo pa mnansi. Kumeneko lacita maluwa, kumeneko labala. Tsinde lili kwathu, dzungu lili kwa eni. Nanga dzungu limeneli n'la yani?

Funsoli likuoneka laling'ono, koma lingathe kudanitsa anthu. Kuno ku Canongola, mumzinda wa Tete, nyumba n'zoyandikana, pamene tsinde limodzi la dzungu lingayange mamita asanu kapena kuposa. Dziko lathu n'lotentha, ndipo mvula imagwa miyezi yocepa. M'zaka za cilala, monga 1992, 2016 ndi 2024, cimanga cinapserera m'minda yambiri. Pa nthawi yotere dzungu limodzi lingagoneke ana osalira njala. Tiyeni tsono tiuweruze bwino mlanduwu.

Poyamba timve wobzala. Iye akuti, "Ndinakumba phando ndine. Ndinathira manyowa a mbuzi ndine. Mvula itadula, ndinasenza madzi pamutu m'mawa ndi madzulo. Ndinapirikitsa nkhuku ndi mbuzi. Dzunguli n'thukuta langa." Mau amenewa ngoona. Munthu ayenera kudya za nchito ya manja ace. Tikalanda wolima zipatso zace, mawa palibe amene adzagwira khasu.

Tsopano timve mnansi. Iye akuti, "Dzunguli lagona pabwalo panga miyezi itatu. Ana anga asowa posewerera. Posesa ndimalilambalala. Mbuzi zikabwera ndimazithamangitsa ndine." Mau amenewanso ngoona. Ndipo pali cina. Dzungu likamayanga, limamera timizu pamfundo zimene zakhudza dothi lacinyezi. Timizuto timamwa madzi pomwepo. Conco dzungu lija lamwa kwathu, lamwanso kwa mnansi.

Pali wacitatu amene sadzabwera pabwalo la mlandu. Ameneyu ndi njuci. Dzungu lili ndi maluwa a mitundu iwiri, lacimuna ndi lacikazi. Lacikazi timalizindikira ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwace. Maluwawa amatseguka m'mawa, dzuwa likakwera afota. Njuci imatenga mungu paduwa lacimuna nkukausiya palacikazi. Popanda zimenezi kadzungu kaja kamafota nkugwa. Njuciyo siifunsa mwini munda. Mwina mungu umene unabalitsa dzungu lathu unacokera m'dimba la munthu amene sitimupatsa n'komwe moni.

Nanga nthanga tinazitenga kuti? Ambiri a ife sitinagule. Tinapatsidwa ndi agogo, azakhali kapena mnzathu wa kucigayo. Iwonso anapatsidwa ndi ena. Tikatsata mpaka kuciyambi, tifika kutali ndithu. Kwao kwa maungu ndi ku America. Ofukula zakale anapeza ku Mexico nthanga za maungu za zaka pafupifupi 10,000. Mbeuyi inaoloka nyanja pa zombo caka ca 1500 citapita, monga cinacitira cimanga. Kucokera pamenepo inayenda dzanja ndi dzanja, mudzi ndi mudzi, mpaka kufika m'mbali mwa Zambezi. Akadakhalapo mmodzi woumira panjira, lero bwenzi tilibe nkhwani.

Tsono tiweruza bwanji? Ife tikuti dzungu n'la wobzala, koma wobzalayo ali ndi ngongole. Mnansi akathyola mwakacetecete usiku, waba, ngakhale dzungulo linali pakhomo pace. Akapsa mtima nkudula nsonga ndi cikwanje, waononga cakudya ca mabanja awiri. Nayenso wobzala akalumpha mpanda nkukolola zonse, osasiyako kanthu, ndi waumbombo. Waiwala dothi la mnzace, waiwala njuci, waiwala amene anampatsa nthanga.

Njira yabwino ndi kulankhulana msanga, dzungu likadali laling'ono. Wobzala apite akaodire, nati, "Amai, mlendo wanga walowa pakhomo panu. Kodi ndimubweze, kapena mumusunga?" Mnansi akakana, tinyamule nsonga mosamala nkuibwezera kwathu. Iye ali ndi ufulu pabwalo pace. Akavomera, tipangane. Athyoleko nkhwani ndi ciluwe cacimuna ca ndiwo, koma asamalize masamba onse, cifukwa masamba ndiwo amadyetsa dzungu. Asiyekonso maluwa ena a njuci.

Kenaka tidikire pamodzi kuti likhwime. Dzungu lokhwima khungu lace n'lolimba, cikhadabo sicilowa, ndipo kaphesi kace kamauma. Pothyola tisiye kaphesiko, kuti lisaole msanga. Tikaliika pamthunzi pouma, limakhala miyezi ingapo. Akabala awiri, limodzi litsale kumene linagona. Likabala limodzi, mpeni ulipo. Ana a nyumba zonse ziwiri adyeko, pakuti dzungu lofiira m'kati lili ndi vitamini A amene amathandiza maso ndi kuteteza thupi ku matenda.

Wina anena kuti, "Mukatero mulimbikitsa ulesi. Mnansi adzangokhala pansi caka ndi caka kudikira dzungu langa." Nkhawa imeneyi njomveka. Koma yankho lili m'kati mwa dzungu lomwelo. Dzungu limodzi lili ndi nthanga zoposa 100, pamene phando limodzi lifuna zitatu zokha. Pomupatsa cidutswa, timupatsenso nthanga zouma, timuuze ndi kabzalidwe kace. Caka camawa nsonga yace idzalowa kwathu. Akulu anati kupatsa n'kuika. Munthu wamphamvu amene walandira nthanga nkuzikazinga zonse, osabzalako, asadzadandaule tikabweza nsonga. Koma nkhalamba, wodwala ndi mwana wamasiye tiwapatse osawerengera, pakuti iwo khasu lawakanika.

Mlandu wa dzungu utiphunzitsa za zinthu zina zimene timati n'zathu. Madzi a pamjigo, mthunzi wa mtengo wa m'malire, ngakhale kuwerenga kumene tikuphunziraku, zonsezi zinatipeza kudzera mwa anthu ena. Amene wadziwa zilembo ali ngati amene walandira nthanga. Kwa mnansi wace kuli kalata imene ikudikira woiwerenga.

Mafunso okambirana:

1. Kodi kwanu kuno mlandu wa dzungu lolowa kwa mnansi amauweruza bwanji?
2. Kodi nthanga zimene munabzala caka cino munazitenga kwa yani?
3. Lembani maina a zakudya zitatu zimene timapeza ku dzungu.