Mphatso Kapena Nyambo?

Anthu osewera nsolo patsinde pa mtengo amaleka dzuwa likalowa, ndipo nsolo suwaitananso ai. Koma alipo masewera ena a pa intaneti, m'mene anthu a maiko ambiri asewera pamodzi, amene alibe mathero. Otchuka mwa iwo ndiwo World of Warcraft, amene kampani ya Blizzard ya ku America inaturutsa m'caka ca 2004. Wosewera amalipira mwezi ndi mwezi, ndipo mu 2010 olipira anafika 12 miliyoni.

Kulipirako sikulakwa, pakuti opanga masewera naonso adya thukuta lao. Koma popeza phindu lao licokera kwa munthu wobweranso mawa, ambiri a iwo amaika mphotho za tsiku ndi tsiku, zimene wojomba aziphonya. Ena amagulitsa timabokosi tosaoneka zam'kati, kuti wogula aziyembekeza mwai. Nanga zotere ziyesedwe mphatso kapena nyambo?

Katswiri wina wa ku America, B. F. Skinner, anaonetsa kuti nkhunda yosadziwa kuti ijomphe kangati kuti cakudya cigwe, imajompha kosalekeza, ndipo sifulumira kuleka ngakhale cakudyaco citatha. Mtima wa munthu ukodwa momwemo. Cifukwa cace mu 2018 dziko la Belgium linaweruza kuti timabokosi togula ndi ndarama tija ndi njuga, ndipo mu 2019 bungwe la World Health Organization linawerengera kusewera kosadziletsa pakati pa matenda.

Wina adzati, "Palibe womkakamiza, alowa yekha." Zoonadi, koma mbewa nayonso ilowa yokha m'diwa. Mlandu suli pa kulowa, koma pa kuturuka. Mphatso yeniyeni imsiya wolandira ali mfulu. Nyambo imgwira ndi mantha akuti akacoka adzataya zonse anazikundika, ndi kukhumudwitsa anzace omdikira m'gulu. Wopanga amene amanga malonda ace pa mantha amenewo ali ndi mlandu. Ndipo wosewera amene apereka tulo tace, nchito yace ndi ndarama za sukulu za ana ali nao wace.

Tsono muyeso ndi uwu: munthu aleke masewera masiku asanu ndi awiri. Akakhala ndi mtendere, ndiye mwini wa masewerawo. Akasowa mtendere, masewerawo ndiwo mwini wace.