Botolo la mkaka ndi galu wa m'khola

Mwana wa kakwiyo akamayamwa botolo la mkaka m'manja mwa munthu, chithunzi chake chimafala msanga pa Facebook, ndipo anthu amapisa m'thumba mosanyinyirika. Ndani angaumire mtima? Kamwanako kamakhala ndi ubweya wotuwa kumsana, timizere takuda tochokera m'maso kutsikira kukamwa, ndipo kakamaitana mayi wake kamalira ngati kambalame. Chimene chithunzicho sichionetsa n'chakuti mayiyo ali kuti. Ku Namibia, kawirikawiri amakhala kuti anawomberedwa ndi mlimi wa ziweto.

Mlimiyo si mfiti ayi. Akakwiyo ambiri a m'dziko louma limeneli sakhala m'malo otetezedwa monga Etosha, chifukwa kumeneko mikango ndi afisi amawalanda nyama n'kuwaphera ana. Amakhala m'mafamu, momwe zilombo zikuluzikuluzo zinatha kalekale. Tsoka lawo n'lakuti amasaka kukuwala, anthu akuona, choncho ngakhale mbuzi imene yagwidwa usiku ndi kambuku kapena nkhandwe, mlandu umagwera iwo. Alimi amaidziwanso mitengo imene akakwiyo amakonda kukwera ndi kusiyapo fungo lawo, ndipo msampha amautchera patsinde pomwepo.

Bungwe la Cheetah Conservation Fund, limene Laurie Marker anayambitsa mu 1990 ndipo likulu lake lili pafupi ndi Otjiwarongo, limalandira ana amasiye otere. Apa mpamene pali choonadi chowawa. Mwana wa kakwiyo amakhala ndi mayi wake pafupifupi miyezi 18 akuphunzira kunyang'ama, kugwetsa nyama ndi kuzemba adani. Amene wakhala wamasiye atakulako angathe kubwerera kutchire atavekedwa kolala yomulondolera. Koma amene wabwera maso atangotseguka kumene, n'kuleredwa ndi botolo, mantha a munthu amamuthera. Kumumasula n'kumutumiza kukhola la munthu wina, komwe chipolopolo chikumudikira. Motero amakalamba mumpanda, kudya nyama yomugawira, ndipo kuti miyendo isaume amathamangitsa kansanza kokokedwa ndi makina. Ndi wamoyo, inde, koma pa chiwerengero cha akakwiyo a m'tchire, amene kafukufuku wa mu 2016 anati atsala pafupifupi 7,100 padziko lonse, iyeyo wachotsedwapo kale.

N'chifukwa chake ine ndimati ntchito yaikulu ya bungweli ili pa galu. Kuyambira mu 1994 lakhala likuweta agalu akuluakulu ochokera ku Turkey, a mtundu wa Anatolian ndi Kangal, n'kumawapereka kwa alimi. Kagalu kamalowetsedwa m'khola kadakali kakang'ono, kamagona ndi mbuzi, kamanunkha mbuzi, mpaka kuyesa mbuzizo ngati abale ake. Kakakula, m'mawa kamatuluka nazo kubusa. Galuyo sakusa ziweto, ndipo nthawi zambiri salumana ndi chilombo: amangoima pakati n'kuuwa ndi mawu aakulu. Kakwiyo ndi nyama yodalira liwiro, ikavulala mwendo ndiye kuti yafa ndi njala, choncho siichedwa kutembenuka. Mbuzi zikabwerera zonse madzulo, mfuti imakhala pakhoma, ndipo ana ena kutchire amagona ndi mayi wawo. Ana amenewo palibe amene adzawajambule, n'chifukwa chake ndalama zawo zimavuta kupempha.

Ngakhale nyama itabwezedwa kutchire bwinobwino, nkhani sithera pomwepo. Taonani za oryx wa ku Arabia, nyama yoyera ya nyanga zazitali zowongoka. Inatheratu kuchipululu mu 1972, koma zochepa zimene zinasungidwa ku Phoenix Zoo ku America ndi kwina zinaswana, ndipo mu 1982 zina zinamasulidwa m'malo otetezedwa ku Oman. Pofika 1996 zinalipo pafupifupi 450. Kenaka opha ndi ogwira nyama mozemba analowerera, boma linadula malowo ndi magawo 90 pa 100 alionse pofuna kufufuza mafuta, ndipo mu 2007 UNESCO inawafufuta pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse, koyamba kuchita zotero, zitatsala 65 zokha. Oryx anapulumuka chifukwa cha magulu a m'mayiko ena, koma khama la zaka zambiri pamalo amenewo linagwa ndi siginecha.

Sindikunena kuti ana amasiye azisiyidwa afe. Malo owalerera ali ndi ntchito ina imene anthu saiganizira. Ku Somaliland, ana a kakwiyo amabedwa kutchire n'kuwolotsedwa pa Gulf of Aden kukagulitsidwa kwa anthu olemera a ku Arabia, ambiri n'kufera m'njira. Wapolisi amene wagwira katundu wotere akapanda kukhala ndi kokamutula, mawa adzayang'ana kumbali. Nakonso ku Namibia, mlimi amene wapeza kakwiyo mumsampha akakhala ndi nambala yoimbira, pamakhala mpata woti akambirane asanakoke mfuti, ndipo m'kukambirana komweko ndi momwe nkhani ya galu imalowera.

Kwathu kuno ndondomeko yabwino yobwezera nyama kutchire tinaiona ku Liwonde. African Parks itayamba kuyang'anira nkhalangoyi mu 2015, sinathamangire kubweretsa zilombo. Inayamba ndi mpanda wamagetsi, kuphunzitsa alonda, ndi kuonjola misampha ya waya zikwizikwi imene inali itadzaza m'tchiremo. Akakwiyo anabwera pambuyo pake, mu 2017, kuchokera ku South Africa, patatha zaka pafupifupi 20 asakuonekanso m'dziko muno, ndipo sanachedwe kuswana.