Madzi Owira ku Mtakataka ndi ku Dedza

Ife a kuno kuchigwa, kuyambira ku Golomoti mpaka ku Mua ndi Mtakataka, timakhala pansi pa mpweya wolemera kuposa anzathu a kumtunda. Sitiumva kulemera kwake poti tinabadwiramo, koma madzi a mumphika amaumva. Nyanja ya Malawi, imene tayandikana nayo, ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600. Ukamakwera chitunda cha Khwekhwelere pa minibasi kupita ku Dedza, makutu amatseka n'kutsegukanso. Ndi mpweya umenewo ukupepuka.

Madzi amabwata nthunzi ya mkati mwake ikapeza mphamvu yokankha mpweya umene ukuwapsinja pamwamba. Mpweya ukakhala wolemera, madziwo amayamba atentha kwambiri asanabwate. Kugombe la nyanja yamchere amawira pa madigiri 100, kuno kwathu pafupifupi 98, pa boma la Dedza pafupifupi 95. Mamita 300 aliwonse amene munthu wakwera amachotsa pafupifupi digiri imodzi. Choncho mphika wa kumtunda umabwata usanatenthe ngati wathu, ndipo nyemba zake zimachedwerako kupsa ngakhale mphikawo ukusokosera chimodzimodzi.

Ndimakonda kuyang'ana mphika pa mafuwa usanawire. Poyamba timathovu ting'onoting'ono timamatirira pansi ndi m'mbali. Kumeneko sikuwira, ndi mpweya chabe umene unabisala m'madzi. Kenako mphika umayamba kulira chapansipansi, thovu la nthunzi likuphulika lisanafike pamwamba. Kulirako kukazilala, madzi onse amagudubuzika, ndipo apo ndiye awira.

Kuchuluka kwa madzi kumangosintha nthawi yodikira. Kapoto ka tiyi ndi chimphika cha pamaliro zimawira pa kutentha kofanana, kungoti chimphikacho chimadya nkhuni zambiri chisanafikepo. Ndipo madzi akangowira, kusonkhezera moto sikuwatenthetsanso. Moto wonse woonjezerawo umangopanga nthunzi. Kuti lita imodzi ya madzi owira iphwere yonse, pamafunika moto wochuluka pafupifupi kasanu ndi kawiri kuposa umene unaiwiritsa. Pamene nkhuni tikuzitola kutali ndipo thumba la makala likukwera mtengo, mphika wobwata mopanda chivundikiro ukuwononga thukuta la amene anasenza mtolo.

Chimene chimandikhalitsa chete n'chakuti khutu limatinamiza. Tikamva kubwata timati ntchito ikuyenda, tikaona moto walilima timati ndiwo zipsa msanga. Koma chimene chimafewetsa nyemba ndi kutentha kwenikweni kwa madzi pamodzi ndi nthawi, ndipo kutenthako kuli ndi malire amene malo aika, osati wophika. Mayi wa ku Bembeke ndi mayi wa ku Golomoti atha kukhala ndi mphika wofanana, nyemba za m'munda umodzi ndi luso limodzi, koma wa kumtundayo n'kudikirabe mnzake atapakula. Ndi anthu angati amene timawanena ulesi osadziwa malo amene akuphikira?

Malire a phiri sitingawasunthe. Zili m'manja mwathu n'zochepa: kuviika nyemba usiku, kuthira madzi ongokwanira, kuvundikira mphika, ndi kuphula chikuni chimodzi madzi akangowira kuti chidzagwire ntchito mawa.